Mwendo Ukachepa, Funso Lili M'mbale

"Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Mwambi uwu makolo anauika kuti mwana asadzakane womubala. Ngakhale thupi la mayi litalemala kapena kunyentchera, ngakhale mwanayo atalemera n'kumadya ndi mabwana m'tauni, alibe mayi wina. Palibe wotsutsa zimenezo. Koma mwambi ukakhalitsa m'kamwa umayamba kumvedwa mwatheka, ndipo uwu tinayamba kuumva ngati ukutiletsa kuuyang'ana n'komwe mwendo wochepawo. Timagwada popereka moni, timaitana mwaulemu kuti anganga kapena agogo, koma katumba amene akuphwa mwezi ndi mwezi kunsi kwa chitenje timamulambalala ndi maso, ngati kuti kumuona n'chipongwe. Akatsika pakhonde mogwira khoma timangoti, "Akula basi." Ine ndikuti mbali yaikulu ya kufooka kumene timakutcha ukalamba m'midzi ya kwa Kalembo ndi njala ya ndiwo, ndipo njalayi imayambira m'manja mwathu popakula, n'kupitirira m'ndondomeko za dziko zimene zimayeza mwana koma osayeza womulera. Mwambiwu umaletsa kunyoza mayi chifukwa cha mwendo. Suletsa kufunsa chimene chauchepetsa.

Dera la Mfumu Yaikulu Kalembo lili m'boma la Balaka, lomwe mpaka 1998 linali mbali ya Machinga. Oyenda pamsewu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi amalidziwa ndi msika wa pa Ulongwe ndi milambe yoima m'minda. Kum'mawa kuli Shire, chakumpoto kuli nyanja ya Malombe, koma mvula yake ndi yonyenga, yobwera mochedwa ndi kudula msanga. Mabanja ambiri kuno ndi achikamwini, motero mudzi umaima pa amayi. Edzi itakolola anthu a msinkhu wapakati, ulendo wa ku Joni n'kutenganso anyamata ambiri otsalawo, mtolo wa ana unagwera pamutu pa anganga. Derali lilinso ndi mbiri ina. Kuyambira 1998, ofufuza a ku yunivesite ya Pennsylvania pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu akhala akubwerera m'midzi ya kwa Kalembo, ya ku Mchinji ndi ya ku Rumphi kukacheza ndi mabanja omwewo pa kafukufuku wotchedwa Malawi Longitudinal Study of Families and Health. Mu 2012 anayamba kutsata mwapadera anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo, kuwakweza pasikelo, kuwayeza msinkhu ndi kuwapatsa kachipangizo kofinya kuti aone mphamvu ya dzanja. Zina mwa zimene akatswiri a dziko lonse amadziwa pa za kukalamba m'midzi ya mu Africa zinachokera m'manja mwa okalamba a konkuno.

Zimene kafukufukuyu anaulula n'zosautsa. Mu 2013 Collin Payne, James Mkandawire ndi Hans-Peter Kohler anasonyeza kuti mayi wa zaka 45 wa m'midzi yotereyi angayembekezere kukhala ndi moyo zaka zina 28, koma 58 peresenti ya zakazo adzaikhala thupi likumukanika ntchito zina. Kwa bambo wa msinkhu womwewo ndi 41 peresenti ya zaka pafupifupi 25. Tikukhalitsa ndi moyo kuposa kale, makamaka chibwerereni ma ARV aulere mu 2004, koma zaka zambiri zotsirizazo ndi zokwawa. Kale ndithu, mu 1998, Dorothy Chilima ndi Suraiya Ismail anali atasindikiza zimene anapeza atayeza okalamba m'midzi ya ku Lilongwe. Amuna oposa mmodzi mwa atatu alionse ndi amayi oposa mmodzi mwa anayi anali opepuka kuposa mmene msinkhu wawo ukufunira. Pambuyo pake awiriwa anasonyezanso kuti okalamba onyentcherawo ndi omwenso dzanja lawo linali lofooka pogwira. Lilongwe ili ndi nthaka yachonde ndi mvula yodalirika kuposa Balaka. Ngati okalamba a kumeneko anali otero, palibe chifukwa choganizira kuti a pa Ulongwe, amene chimanga chawo chimapsa ndi dzuwa chaka ndi chaka, ali pabwino.

Chakudza sichiimba ng'oma, ndipo kufooka kwa ukalamba kumabwera mwakachetechete. Mu 2001 dokotala wa ku America, Linda Fried, ndi anzake anatchula zizindikiro zisanu zodziwira munthu amene thupi lake layamba kutha: kuonda kosadzifunira, kutopa kosatha, dzanja lofooka, kuyenda pang'onopang'ono ndi kuchepa kwa zochita. Wokhala ndi zitatu kapena kuposerapo ndi wofooka kale. Wokhala ndi chimodzi kapena ziwiri ali pakhomo pa kufookako, ndipo ameneyu ndiye wotheka kumubweza mosavuta. Zizindikirozi sizifuna makina. Chitenje chimene chinkazungulira kamodzi ndi theka chayamba kuzungulira kawiri. Ndowa imene ankasenza okha kuchokera pamjigo tsopano imafuna wowasenzetsa, kenaka ikhala ya theka, kenaka kachigubu. Ulendo wa kumzikiti kapena kutchalitchi uli ndi malo opumira awiri amene chaka chatha kunalibe. Ngakhale mwendo umene mwambi ukunena ndi chizindikiro chodziwika kwa azachipatala: poyeza kadyedwe ka okalamba amazunguliza tepi pakatumba, ndipo akapeza kuti sakufika masentimita 31 amadziwa kuti minofu yatha. Choipa cha kufookaku n'chakuti kumadzidyetsa kokha. Wofooka amalima pang'ono, wolima pang'ono amakolola pang'ono, wokolola pang'ono amadya pang'ono. Kenaka malungo kapena chibayo chimene mnyamata angagone nacho masiku atatu chimamugoneka mwezi, kapena kuterereka kumodzi pabafa kumathyola chiuno chosalumikizikanso.

Munthu akapitirira zaka 30 minofu yake imayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo ikafika 60 imathamanga. Kuonjezera apo, thupi lokalamba silitapa bwino zomanga thupi m'chakudya monga linkachitira kale. N'chifukwa chake gulu la akatswiri a za okalamba linalangiza mu 2013 kuti wopitirira zaka 65 azidya galamu imodzi mpaka 1.2 ya mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse, pomwe wamkulu wamba amafunika 0.8. Apa ndi pamene maganizo athu amasemphana ndi choonadi. Timayesa wokalamba amafuna zochepa popeza wachepetsa ntchito, pomwe pa ndiwo amafuna zochuluka kuposa mwana wake wamphamvu. Agogo olemera makilogalamu 50 ayenera kupeza magalamu 50 mpaka 60 patsiku. Kuti awapeze m'nsima yokha, ayenera kumaliza ufa woposa theka la kilogalamu, chinthu chosatheka kwa munthu amene mitanda iwiri imamulemera, ndipotu mapuloteni a chimanga ndi operewera zina zofunika, makamaka chikakonoledwa ndi kuviikidwa kukhala ufa woyera. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6. Kotala ya kulemera kwa mtedza ndi mapuloteni, ndipo kwa usipa wouma ndi koposa theka. Alangizi akhala akuphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zopatsa mphamvu, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Okalamba ambiri amatsiriza sabata ali m'magulu awiri okha, nsima ndi masamba owiritsa ndi mchere kapena therere la soda.

Mbiri yathu yomwe inatisonyeza zimene chimanga chokha chimachita. Mu 1990, mtedza utasowa pa chakudya chogawira othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali kum'mwera kwa dziko lino, anthu oposa 18,000 anadwala matenda otchedwa pellagra. Khungu limada ndi kusenda m'manja ndi m'khosi, m'mimba mumatsekula, ndipo matendawa akakula mutu umasokonezeka. Anthuwo sankagona ndi njala ya m'mimba, popeza ufa ankalandira. Chinachoka ndi mtedza basi. Sindikunena kuti wokalamba aliyense woiwalaiwala kapena wolankhula zosamveka akudwala matenda amenewa, popeza matenda a ubongo a ukalamba aliponso paokha. Koma kusowa zofunika m'thupi ndi kuchepa kwa madzi kumasokoneza mutu wa wokalamba msanga, ndipo tikudziwa dzina limene mudzi umapereka kwa mayi wokalamba, woonda, wopezeka akuyenda usiku osadziwa kumene akupita. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe okalamba akupitirira kumenyedwa ndi kuphedwa, monga anayi amene anaphedwa ku Neno mu Januwale 2016. Mudzi usanafunse kuti agogowo anadya ndani, ukadayamba wafunsa kuti anadya chiyani.

Njira imene ndiwo zimawaphonyera imaoneka bwino nthawi ya chakudya chamadzulo. Mkeka wayalidwa, nsima yapakulidwa, ndipo kambale ka usipa wa mulu umodzi kaikidwa pakati pa agogo ndi adzukulu anayi. Ngati pakhomopo pali mwamuna, mbale yake yapita kale padera ndi nsomba zazikulupo. Manja a ana ndi achangu. Agogo, amene mano akutsogolo anatsala awiri ndipo nkhama zimawawa, atema mbamu yaing'ono, aiviika mumsuzi, aimeza mosatafuna kwenikweni. Usipa wouma uja umawabaya m'kamwa, choncho amausuntha ndi chala kupita mbali ya wamng'ono. Akafunsidwa amati, "Idyani ananu, ine ndakhuta," kapena, "Ine ndinadya kale zanga kalekale." Palibe amene wawamana. Palibe amene wachita nkhanza. Koma mbale ikatsukidwa, iwo adya nsima ndi madzi a tomato. Kwina wokalamba amakhala yekha m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi. Kumeneko vuto ndi lina: nkhuni zili kutali, kuphika nyemba kumafuna moto wa maola angapo, ndipo kudya wekha kumathetsa chilakolako. Lilime lokalamba silimva kukoma monga kale, ludzu silibweranso pa nthawi yake, ndipo tsiku limatha ndi tiyi wopanda mkaka ndi chinangwa chowiritsa.

Wina anena kuti chakudya chikachepa ana ndiwo ayenera kutsogola, popeza iwo ndi mawa ndipo agogo anadya kale zawo. Mfundoyi ndi yolemera. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti 37 peresenti ya ana osapitirira zaka zisanu ndi opinimbira, ndipo ubongo wa mwana ukaphonya chakudya m'zaka ziwiri zoyambirira subwezeretseka. Palibe wanzeru angalande dzira m'manja mwa khanda. Koma mfundoyi imaganiza kuti mwana ndi agogo ali pampikisano, pomwe m'makomo ambiri a kwa Kalembo mwanayo akudya kuchokera m'manja mwa agogowo. Ndiwo amalima, amatunga, amaphika phala, amabereka kumsana popita kusikelo. Makolo anati akulu ndi mdambo mozimira moto, ndipo timakonda kunena mwambiwu pa milandu ndi pa maliro. Timaiwala kuti dambo limazimitsa moto pokhapokha likakhala ndi madzi. Likauma limayaka ngati tchire lina lililonse. Agogo akagona pamphasa, mtsikana wa zaka 12 amasiya sukulu kuti awasamale, munda umamera tchire, ndalama zochokera ku Joni zimathera pa thiransipoti ya kuchipatala. Supuni ziwiri za nsinjiro zimene tinawamana kuti tipulumutse ana zimabwera kudzalipidwa ndi ana omwewo.

Wina anenanso kuti ukalamba ulibe mankhwala, kuti Mulungu anaika malire ndipo nyemba sizingawasunthe. N'zoona kuti chakudya sichibweza zaka. Koma kufooka si imfa, ndipo umboni ulipo woti minofu imamva ngakhale mochedwa. Mu 1994 Maria Fiatarone ndi anzake ku Boston anatenga okalamba ofooka 100 a m'nyumba yosungira okalamba, a zaka pafupifupi 87, n'kuwaika m'magulu kwa masabata 10. Amene ankachita masewera olimbitsa miyendo mphamvu zawo zinakwera kuposa kawiri, ndipo ankayenda msanga ndi kukwera masitepe mosavuta. Chilungamo chikufuna tinenenso kuti amene ankangopatsidwa chakudya choonjezera popanda masewerawo sanapindule kwenikweni. Chakudya chokha sichimanga mnofu wongokhala. Komatu apa ndi pamene kwathu kwasiyana ndi Boston. Okalamba a kumeneko anali ndi chakudya, chosowa chinali ntchito ya thupi. A kwa Kalembo khasu ali nalo, mtondo ali nawo, mtunda wa kuchigayo ali nawo, ndipo ena amapitabe kuganyu ali ndi zaka 70. Theka la mankhwala akumwa kale tsiku ndi tsiku, lotsala ndi la m'mbale. Thupi logwira ntchito losalandira zomangira limadya minofu yake yomwe.

Chotsutsa chachitatu ndi umphawi, ndipo ichi sichingakanidwe. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba, ndipo anthu pafupifupi 5.7 miliyoni anayembekezeka kusowa chakudya m'miyezi ya njala yotsatira. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatha kalekale ndi kupha mopitirira, kunatsala kambuzi, naye mtengo wake sutsika. Kuuza banja lotere kuti lizigula nyama ndi mkaka n'kulinyoza. Koma zambiri zofunika zimamera konkuno ndipo zimatuluka m'mudzi pa njinga za mavenda. Nandolo wa ku Balaka ndi Machinga amagulitsidwa kuti akadyetse anthu ku India, mwini munda n'kutsala ndi masamba. Nkhuku zimasungidwira mlendo, mazira n'kumagulitsidwa kuti pabwere sopo. Kusiya ndowa imodzi ya nandolo, khobwe kapena mtedza wopanda chuku kuti ikhale ya agogo n'kotheka m'makomo ambiri. Chotsatira ndi kaphikidwe koganizira nkhama: chipere cha nyemba zochotsa makoko, usipa wosinja n'kuthira m'ndiwo kapena m'phala, phala la mgaiwa la nsinjiro, futali wa mbatata, dzira lowiritsa, masamba otendera, ufa wa malambe, mango ndi mapapaya akupsa, thobwa pakati pa tsiku. Pang'onopang'ono kanayi patsiku kuposa mtanda waukulu kamodzi. Amene achipatala anawauza kuti impso zawo zili ndi vuto, kapena ali ndi shuga, atsate malangizo a kuchipatalako. Ndipo m'mwezi wa Ramadan, mashehe amadziwa kuti Chisilamu chimalola wokalamba wofooka kusasala. Ndi bwino mawuwo azimveka poyera kuti anganga asadzikakamize poopa manyazi.

Banja lili ndi gawo lake, koma pali malire amene banja losauka silingadumphe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi mmodzi mwa 20 alionse anali wa zaka 60 kapena kuposerapo. Ambiri a okalambawa analima moyo wawo wonse ndipo alibe penshoni. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 n'kufika m'maboma onse pofika 2018, amathandiza makomo ambiri oyendetsedwa ndi okalamba, koma amasankha pafupifupi makomo 10 pa 100 alionse, ndipo ndalama yake imagawidwa ndi pakamwa ponse pa pakhomopo. Ndondomeko ya okalamba ya 2016 ilipo, lamulo lowateteza linavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu 2024, ndipo mabungwe ngati MANEPO akhala akupempha penshoni ya wokalamba aliyense. Komabe tayang'anani mmene ntchito ya kadyedwe inamangidwira. Mwana ali ndi sikelo mwezi ndi mwezi, buku lake, tepi ya pamkono, chiponde ndi likuni phala akanyentchera, phala la kusukulu akakula. Mayi woyembekezera ali ndi sikelo yake. Zonsezi n'zabwino ndipo zapulumutsa miyoyo yambiri. Koma agogo amene abereka mwanayo kudza naye pansi pa mtengo wa sikelo amabwerera kwawo osakwera pasikelo yomweyo. Alangizi a zaumoyo ali kale m'midzi, tepi ali nayo kale m'chikwama. Kuyeza mkono ndi katumba wa wopitirira zaka 60, kufunsa ngati akutafuna bwino ndi kulemba m'buku sikufuna nyumba yatsopano kapena galimoto. Kukufuna chiganizo chakuti wokalamba naye ndi wowerengedwa. Chimanga cha thandizo chikamagawidwa, nyemba ndi mafuta zisamakhale zoyamba kudulidwa, ndipo wina aonetsetse kuti thumba lafika pakhomo pa amene sangathe kulisenza.

Kupatsa n'kuika. Aliyense wa ife amene sadzafa msanga adzafika pamene mano adzagwa ndi dzanja kulephera kutsekula botolo, ndipo ana adzatipakulira mmene anationera tikupakulira makolo athu. Mafumu a kwa Kalembo, mashehe, abusa ndi ansembe ali ndi pakamwa pomveka kuposa chikwangwani chilichonse, ndipo angaphunzitse kuti "ndakhuta" wa agogo sayenera kukhulupiriridwa mbale isanaonedwe. Inu muli ku Joni kapena ku Blantyre, potumiza ndalama pafoni nenani momveka kuti ina ndi ya mazira ndi nsomba za amayi, ndipo poimba foni musangofunsa mmene adzukira, funsaninso ndiwo imene anadyera dzulo. Inu muli pakhomo, pakulani ndiwo za agogo poyamba, m'mbale yawoyawo, zofewa zoti atha kumeza, ndipo wina akhale nawo pansi mpaka atamaliza.